Ana akusewera Squid Game mu layini, makolo tikukangana za Walter White

Mai a Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso kwa makolo anzanga. Dzulo madzulo pochokera ku Msungwi ndinapeza ana a mu layini mwathu muno akusewera masewera achilendo. Kamtsikana kamodzi kaima kutsogolo katayang'ana kumpanda, kakuimba kanyimbo ka chilankhulo chosamveka, enawo akuthamangira komwe kali. Kakatembenuka, onse aima njii. Amene wagwedezeka, mnyamata wina akumuloza ndi chimtengo, iye n'kudzigwetsa pafumbi ngati wafa. Ndafunsa Tadala akuti ndi Squid Game. Mwana wa Sitandade 5 waonera kuti zimenezi? Ife kunyumba Netflix tilibe.

Yamikani: Mama musadabwe, Netflix siyofunika. Pamsika paliponse pali anyamata a makompyuta, ukawapatsa fulashi amakuikira sizoni yonse pa mtengo wa mandasi ochepa chabe. Mmodzi akakhala nayo pa foni, mawa lake kalasi yonse ili nayo, amatumizirana opanda ndi bandulo yomwe. Ndiye palinso ma video show, kumeneko imafika yomasulira kale m'Chichewa.

Dalitso: Yomasulirayo nde imakoma kkkk. Munthu akuwomberedwa, womasulira ali "ameneyu wapita kukapereka moni kwa azigogo ake", chinyumba chonse kugwa ndi phwete.

Mai a Tadala: A Dalitso inu mukuseka, ine sizikundiseketsa.

A Chirwa: Zikomo mai poyambitsa nkhani imeneyi. Ine funso langa ndi lakuti boma lili kuti? Kale filimu isanaonetsedwe ankayamba aiona akuluakulu a bungwe loona za mafilimu, zosayenera n'kudula. Lero chilichonse chikulowa m'nyumba kudzera m'thumba la mwana. Tsiku lina tinakhala pabalaza ndi banja lonse kuti tione imodzi mwa ma series otchukawa. Gawo loyamba lomwelo anthu avula. Ndinachita kusowa poyang'ana, mwana wanga wamkazi ali pompo, apongozi anga ali pompo. Ndinazimitsa. Zimenezi aziletse basi.

Aphunzitsi Kamanga: Akulu a mpingo, bungwe mukunenalo lamulo lake ndi la 1968, ndipo ife amene tinaliona likugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse tisaiwale kuti silinkangodula zolaula. Linkaletsa mabuku, magazini, masewero a pa siteji. Nyimbo ya azungu ija ya Cecilia inasowa pa wailesi chifukwa cha dzina lokha, poti linkafanana ndi la Mama Kadzamira. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe, amayi thalauzi ayi, siketi yoonetsa mawondo ayi, mpaka linachotsedwa mu 1993. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Ndiye tikamati kale zinali bwino, tizinena zonse. Choonera kunalibe, ndipo amene ankatisankhira zoona ndi omwewo ankatisankhira zolankhula.

Komanso kuletsa tinayesapo nthawi ya matipati ambiri yomwe ino. Mu 2003 aphungu ku Nyumba ya Malamulo analetsa Big Brother Africa pa TVM, akuti ikuononga chikhalidwe. Pasanapite nthawi Khothi Lalikulu linachotsa chiletsocho. Ndipo nthawi imeneyo kuletsa kunali kotheka, siteshoni inali imodzi. Lero muletsa chiyani, fulashi?

A Chirwa: Ndiye tingopinda manja aphunzitsi?

Thoko: Ndifunse nawo a Chirwa, mwaulemu ndithu. Munazimitsa pamene anthu anavula. Akanakhala kuti akuwomberana mukanazimitsa? Ine ndakulira m'nyumba ya mapemphero, koma mafilimu a nkhondo ndi a karate tinkaonera limodzi ndi adadi, anthu kumafa ngati chiyani kaya, palibe ankagwira rimoti. Koma awiri akangoyandikizana milomo, pomwepo "Thoko, kanditungire madzi akumwa". Ndikamabwera ndi kapu ija ndimapeza abwerera kuphana, adadi mtima uli m'malo.

Dalitso: Kkkkkk kwathu inali "kaoneni ngati nkhuku zalowa m'khola"

A Chirwa: Mwana wanga Thoko, zinthuzi n'zosiyana. Mwana akaona mfuti pa kanema sakagula mfuti mawa, aipeza kuti? Koma zinazo thupi lake lili nazo kale, iwe ukungokolezera. Taonani atsikana amene akusiyira sukulu panjira chifukwa cha mimba.

Nabanda: Apa a Chirwa anena zoona pang'ono. Koma mimba za ana a sukulu kumudzi kwathu ku Mitundu zinalipo kulibe ndi magetsi omwe. Tisanamizire kanema zonse.

Chikondi wa ku Joni: Moni nonse kunyumba. Ndimangowerenga koma apa ndilowepo. Mwa amene tikukambirana pano, ndi angati anaionera Squid Game mpaka kumapeto? Chifukwa nkhani yake si ya kuphana chabe. Inatuluka mu 2021, ndi ya ku South Korea. Anthu 456, onse omira m'ngongole, akutengedwa kupita pa chilumba kukasewera masewera a ana, wopambana atenga 45.6 biliyoni ya ndalama za kwawo, wolephera aphedwa. Mwini nkhani, Gi-hun, ndi bambo wamkulu ndithu wokhala pakhomo pa mayi ake, amawabera ndalama pa khadi la ku banki n'kukabetchera mahatchi, a katapila akumusakasaka. Chimene chinandikhudza ine ndi ichi. Masewera oyamba atatha, anthu oposa theka atafa, otsalawo anavota kuti zithe, ndipo anawabwezadi kwawo. Atafika kunja anapeza ngongole zija zikuwadikira, wina mayi ake akudwala alibe ya chipatala. Pa anthu 201 amene anatsala, 187 anabwerera okha ku chilumba kuja, akudziwa bwinobwino kuti kuli imfa. Palibe anawagwira pakhosi. Filimu ikufunsa kuti ndi dziko lotani limene munthu amaona kuti bola kukafera kumeneko. Ife kuno ku Joni funso limeneli sitichita kufotokozeredwa.

Dalitso: Nde ndi nkhani ya a Malawi tu imeneyi. Katapila, banki m'khonde, kandege pa foni. Atabwera nayo ku Bingu Stadium mzere wolembetsa ungafike ku Kanengo.

Nabanda: Musatchule banki m'khonde, ena pagulu pano sanabweze ya mwezi watha.

Mai a Tadala: A Chikondi ndamva, ndipo mwina kwa munthu wamkulu ili ndi phunziro. Koma Tadala za ngongolezo sakuzidziwa. Iye watolapo kanyimbo ndi mfuti basi.

Chikondi wa ku Joni: Pamenepo sinditsutsa mai. Eni ake analemba kuti ndi ya akuluakulu. Vuto ndi loti pa fulashi chizindikiro cha zaka sichiyenda nawo.

Yamikani: Koma inu mu Squid Game munthu amene anthu amamuda pa Facebook ndi Sang-woo, mmodzi wa osewera aja, ndipo ine sindimvetsa. Munthu uja ankangochita zimene masewera ankafuna. Wopambana ndi mmodzi, ndiye mumafuna atani? Aliyense pano akanachita zomwezo.

Thoko: Yami usatinamize. Sang-woo sanangopambana, ananyenga Ali. Mnyamata wa ku Pakistan uja, wobwera kudzagwira ntchito m'dziko la eni, abwana ake osamulipira, mkazi ndi kamwana akumudikira. Ankamukhulupirira Sang-woo ngati mkulu wake. Pa masewera a mabo aja Ali anali atatsala pang'ono kupambana. Sang-woo anamunyengerera kuti pali njira yoti onse awiri apulumuke, n'kumukoleka kathumba m'khosi atachotsamo mabo n'kuikamo timiyala. Ali akuzungulira kumuitana dzina, nthawi ikutha, kenako atsegula kathumba kaja. Nkhope imene ija sindidzaiwala. Ndiye iwe ukuti aliyense akanachita zomwezo? Mu gawo lomwelo muli mtsikana amene anataya dala kuti mnzake, yemwe anali ndi mlongo wake wamng'ono womudikira, apitirire. Filimu yomweyo inakuonetsa kuti njira ina inalipo.

Yamikani: Anataya dala, nde anafa. Sang-woo anafika kumapeto.

Thoko: Anafika kumapeto n'kutani?

Gift: Iii abale ena sitinamalize kuonera, musatiululire zonse

Dalitso: Man Gift, filimu ya 2021 mpaka lero? Palibe chinsinsi apa.

Thoko: Koma mwandikumbutsa chinthu chimene chimandinyansa pa ndemanga za anthu pa intaneti. Sang-woo amamuda chifukwa ananyenga munthu amene timamukonda. Koma tengani Breaking Bad. Walter White, mphunzitsi wa chemistry ku sekondale, amupeza ndi khansa ya m'mapapo, ayamba kuphika mankhwala ozunguza bongo akuti asiyire banja ndalama. Mpaka pamenepo aliyense amamumvera chisoni. Koma anzake akale olemera anamuuza kuti amulipirira chipatala chonse, iye anakana chifukwa cha matama. Anaimirira n'kumayang'ana chibwenzi cha Jesse, mnzake wophika naye mankhwalawo, chikutsamwa mpaka kufa, pomwe kungomutembenuza kukanamupulumutsa. Anadyetsa mwana wamng'ono poizoni kuti mapulani ake ayende. Ndiye lowani m'magulu a okonda filimuyi muone amene amatukwanidwa. Si Walter. Ndi Skyler, mkazi wake. Mlandu wake? Ankafunsa kuti bambo mumakhala kuti usiku, foni yachiwiriyi ndi ya chiyani, ndalamazi zikuchokera kuti.

Yamikani: Skyler anali wotopetsa aise. Munthu akuvutikira banja, iye nkhope ili gwaa tsiku lililonse. Komanso anamuyenda njomba Walter ndi abwana ake a kuntchito. Ndipo ndalama zomwezo anadya nawo, mpaka kumathandiza kuzibisa ku malo otsukira magalimoto.

Thoko: Eya, analakwa, sindikumuyeretsa. Koma taika pa sikelo. Uyu anagona ndi mwamuna wina atauza kale Walter kuti banja lithe, iye n'kukana kuchoka panyumba. Uyo anapha anthu, n'kuononga mabanja osawerengeka ndi mankhwala ake. Ndiye chidani chonse chipite kwa mkazi? Zinafika poti Anna Gunn, amene ankasewera ngati Skyler, analemba nkhani mu New York Times mu 2013 yodandaula kuti chidani cha pa intaneti chasiya Skyler chayamba kulunjika kwa iye mwini, munthu amene ankangogwira ntchito yake. Ndipo zakuvutikira banjazo, Yami, mu gawo lomaliza Walter mwini wake anavomera pamaso pa Skyler kuti zonse ankachitira iye mwini, zinkamusangalatsa. Mwini wake wavomera, inu mukumuikirabe kumbuyo.

Nabanda: Ine filimuyo sindinaione koma Skyler ndamumvetsa. Mwamuna akayamba kubwera ndi ndalama zosadziwika mutu wake, ukafunsa, achibale ake omwe amati mkazi uyu ngwansanje, safuna mwana wathu atukuke. Zikadzavuta apolisi akabwera, omwewo amati nanga mkazi wake ankaona chiyani osamuletsa.

Bambo Mussa: Ndakhala chete koma apa mwandifika pamtima. Breaking Bad inatha mu September 2013. Mwezi womwewo kuno ku Lilongwe ndi pamene Cashgate inaphulika, anthu kumapezeka ndi ndalama m'mabuti a galimoto, mabiliyoni atasololedwa ku Capital Hill. Ine nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya zomangamanga. Aliyense ankaona. Munthu wa malipiro ochepa akumanga nyumba zitatu nthawi imodzi, simenti akugula pa lole, Loweruka akugulira bala yonse. Tinkamutcha chiyani? Bwana. Biggy. Munthu wa mtima wabwino. Pa maliro ankakhala pa mpando wa kutsogolo, pa pepa sande ankaitanidwa kukhala mlendo wolemekezeka. Palibe ankafunsa. Nthawi yomweyo wakuba nkhuku kapena foni akagwidwa mumsika, anthu amafuna matayala ndi petulo. Ndiye zoti timaombera m'manja Walter White sizinabwere ndi Netflix. Netflix inafika kuno mu 2016, inatipeza tili kale choncho. Wakuba wanzeru, wovala bwino, wogawako, timamukonda.

A Chirwa: Za pepa sande mwanenazo zandilasa, koma sindikana.

Dalitso: Money Heist nayonso. Tonse tinkapemphera kuti Professor, mtsogoleri wa akubawo, asagwidwe, mpaka ana kumavala zigoba zija. Ine wapolisi akayandikira mtima unkagunda ngati ndaba ndine.

Yamikani: Koma ija ankadinda ndalama zatsopano, sanabere munthu.

Bambo Mussa: Anatsekera anthu osalakwa m'nyumba masiku angapo atawaloza mfuti, ena ana a sukulu. Ukanakhala m'bale wako mmenemo ukanati sanabere munthu? Komanso zodinda ndalama popanda katundu kumbuyo kwake, funsa amene amagula shuga ndi mafuta ophikira kuti zimathera pa ndani.

A Chirwa: Ndiloleni ndinene maganizo anga bwinobwino, chifukwa mukuona ngati ndikufuna mafilimu a angelo okhaokha. Ayi. Baibulo lomwe lili ndi nkhani zoopsa. Werengani 2 Samueli 11. Davide atenga mkazi wa mwini, ampatsa mimba, ayesa kubisa, zikanika, atumiza Uriya kutsogolo kwa nkhondo atanyamula yekha kalata ya imfa yake. Palibe chobisika pamenepo. Koma mutu wotsatira kukubwera Natani kudzamuuza maso ndi maso kuti munthuyo ndiwe. Tchimo laonetsedwa, koma latchulidwa dzina lake. Mafilimu a masiku anowa Natani mulibe. Woipa amapatsidwa nyimbo yokoma, suti yabwino, mawu anzeru. Mwana akamaliza kuonera amafuna kukhala iyeyo.

Aphunzitsi Kamanga: Akulu, mfundo imeneyi ndi yolemera ndipo ndaikonda. Koma ndikutsutsani pamodzi. Natani m'mafilimu amenewa alimo. Mu Breaking Bad Natani ndi Skyler, ndi mlamu wake Hank wapolisi uja, pena ndi Jesse amene chikumbumtima chinkamudya mpaka kutaya ndalama mumsewu. Olemba anawaikamo dala. Vuto ndi ife oonera, Natani akalowa timati achoke akutichedwetsa, tikufuna tione Davide apanga chiyani kenako. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Filimu ya maola awiri umaona munthu woipa pang'ono n'kutuluka. Series ngati imeneyi ili ndi magawo 62. Wakhala naye munthuyo m'khitchini mwake, wamuona akudwala, akusanza ndi mankhwala a khansa, akunyozedwa ndi ana a sukulu. Akamadzachita zoopsa zenizeni wakhala kale m'bale wako, ndipo m'bale timamuikira kumbuyo. Anthu amene anamwa mankhwala akewo sunakhale nawo, sudziwa ndi maina awo omwe. Ndimauza ana anga a Fomu 4 pa phunziro la literature kuti wolemba akakusankhira maso oonera nkhani, wakusankhira kale theka la chigamulo.

Thoko: Ndipo nthawi zina ochita sewero eni ake amadabwa nafe. Mu You muja, Joe Goldberg amazemberera akazi, kuwabera mafoni, kuwatsekera m'chikhola cha magalasi, kupha. Atsikana pa Twitter anayamba kulemba kuti akumufuna mwamuna wotere. Mu 2019 Penn Badgley, amene amasewera ngati Joe, anachita kumawayankha mmodzimmodzi kuwakumbutsa kuti munthuyu ndi chigawenga chopha anthu. Kungoti ndi wooneka bwino ndipo amawerenga mabuku.

Dalitso: Akanakhala ndi nkhope ngati yanga akanamumanga gawo loyamba

Nabanda: Kkkk a Dalitso mwadzidziwa

Chikondi wa ku Joni: Pamene ine ndimaikira malire ndi pa nkhani zoona. Walter White kulibe, Joe kulibe, palibe mayi amene akulira mwana wake chifukwa cha iwo. Koma ija ya Jeffrey Dahmer ya 2022 ndi munthu weniweni, anapha anyamata ndi abambo 17 pakati pa 1978 ndi 1991, ambiri ku Milwaukee, ambiri mwa iwo akuda. Abale awo alipo, ali moyo. Ena anadandaula poyera kuti palibe anawafunsa, anangoona pa kanema munthu wina atavala ngati iwo akulira m'khothi mmene iwo analirira. Kenako pa TikTok achinyamata kumapanga nthabwala, ena kumati akumumvera chisoni Dahmer chifukwa anakula mosowa chikondi. Taganizani wina atenge nkhani ya kuphedwa kwa abale athu achialubino kuno, aike nyimbo, apeze mnyamata wokongola asewere ngati wakuphayo, apange ndalama, makolo a mwanayo osauzidwa kanthu.

Mai a Tadala: Mulungu atichitire chifundo. Imeneyo ndiye ayi.

Gift: Koma ikapangidwa bwino ingathandize anthu kudziwa zimene zinachitika. Kubisa sikuthandizanso.

Chikondi wa ku Joni: Zoona, koma kamera ikhale kwa ndani? Kwa wophedwa ndi abale ake, kapena kwa wakupha kuti timumvetse? Ndi zomwe anena aphunzitsi zija.

A Chirwa: N'chifukwa chake ine ndimakonda masewero athu. Tikuferanji, Manganya akalakwitsa zotsatira zake umaziona, banja lonse mumaonera limodzi popanda wotumidwa madzi.

Yamikani: Madala, ndi chifukwa chomwecho achinyamata sitimaonera. Mphindi zisanu zoyamba wadziwa kale kuti uyu atenga matenda, uyu amangidwa, uyu alapa. Masewero ambiri a kuno amalipiridwa ndi mabungwe, ndiye uthenga umayamba, nkhani imabwera pambuyo. Munthu sufuna kulalikiridwa Lolemba mpaka Loweruka.

Aphunzitsi Kamanga: Yamikani usanyoze kwambiri. Masewero amenewo anagwira ntchito yaikulu nthawi imene Edzi inkatha anthu ndipo pakhomo sankaitchula n'komwe. Koma pa zoti woipa wathu amakhala woipa kuyambira chipewa mpaka nsapato, ukunena zoona, ndipo mwina n'chifukwa chake tikakumana ndi woipa waulemu, wopereka moni bwino, sitimuzindikira. Chitsanzo chabwino cha nkhani yathu yomwe ndi filimu ya William Kamkwamba ya 2019, ya ku Wimbe ku Kasungu, imene ili pa Netflix pomwepo. Mu filimumo William atathamangitsidwa chifukwa cha fizi amaopseza mphunzitsi wake kuti aulula chibwenzi chake ndi mchemwali wake akapanda kumulola kulowa mu laibulale. Kumeneko ndi kugwira munthu pakhosi. Muli anthu anjala akulanda chimanga m'nyumba ya eni. Mafunso ovuta ali tho. Koma a Malawi pa Facebook tinathera mphamvu zonse pa katchulidwe ka Chichewa ka Chiwetel Ejiofor, amene ankasewera ngati bambo ake a William.

Dalitso: Koma nanunso aphunzitsi Chichewa chimene chija chinali ndi mlandu

Gift: Ine mbali ya a Chirwa ndikuimvabe. Tonse pano ndi akuluakulu, tikutha kusiyanitsa. Koma mwana wa zaka 12 amene akuonera yekha pa foni usiku atafunda bulangete, akambirana ndi ndani za Natani? Ndemanga zimene akuwerenga ndi za anzake a msinkhu womwewo, kapena tizidutswa ta pa TikTok pomwe atenga mawu a chigawenga n'kuikapo nyimbo kuti azioneka ngati mwamuna weniweni. Filimu yonse sanaione, waona masekondi 30 a pamene woipayo akuwala.

Thoko: Apa nde mwalasa a Gift. Ndipo pali series yokhudza zimenezi ndendende, Adolescence, ya ku Britain, inatuluka mu March 2025. Magawo anayi okha, lililonse anajambula kamera osaidula. Imayamba apolisi akuthyola chitseko m'mawa kudzagwira mnyamata wa zaka 13, Jamie, pa mlandu wopha mtsikana wa pasukulu pake. Banja labwinobwino, bambo wolimbikira ntchito, mayi wachikondi, palibe woledzera, palibe womenya mnzake. Makolo ankati mwana ali m'chipinda pa kompyuta, ndiye ali pabwino, sakuyenda usiku. Kumeneko n'kumene ankamwa maphunziro a amuna a pa intaneti onyoza akazi, kwinaku anzake akumuseka pa Instagram ndi tizithunzi timene wapolisi wamkulu sankatimva tanthauzo mpaka mwana wake yemwe anachita kumumasulira. Nduna yaikulu ya kumeneko nthawi imeneyo, Keir Starmer, inagwirizana ndi zoti izionetsedwa m'masukulu a sekondale. Gawo lomaliza palibe mfuti, palibe khothi, chakumapeto kwake ndi bambo ndi mayi okha ali m'chipinda kufunsana kuti tinalakwitsa pati. Ine ndinalira.

Mai a Tadala: Imeneyo ndiye ndikufuna ndiione ineyo. Wamkulu wanga ali Fomu 1, chitseko amakhoma.

Yamikani: Kwa amene muli ndi Netflix, mutha kutsegula profile ya ana, komanso yanuyo kuikapo PIN. Mungathenso kusankha msinkhu wa mafilimu amene azioneka. Koma kunena zoona zimenezi zimagwira pa TV ya pabalaza. Za pa foni ya mnzake kusukulu sizikhudzidwa.

A Chirwa: Ndiye mwabwerera kwa ine. Mpanda mulibe.

Aphunzitsi Kamanga: Mpanda wa boma mulibe, ndipo sindikuufuna ubwerere. Ine mdzukulu wanga ndinamupeza akuonera ya achifwamba a ku Colombia. Sindinalande foni. Ndinakoka mpando, tinaonera gawo limodzi, kenako ndinamufunsa kuti wapolisi amene waphedwa pa njinga yamoto uja ana ake adya chiyani mawa. Anandiyang'ana ngati ndapenga, akuti agogo ameneyo si wofunika mu filimu. Tinakangana mpaka nsima inazizira. Sanagonje, koma mawa lake anabwera yekha kudzandiuza zimene zachitika mu gawo lotsatira.

Nabanda: Inu muli ndi nthawi aphunzitsi, munapuma ntchito. Ife timachoka 5 koloko m'mawa kukapikula tomato, kubwera kwada, mwana wagona kapena akunamizira kugona.

Bambo Mussa: Bwanji tichite chonchi. Loweruka likubwerali masana tionere limodzi Adolescence kwathu, makolo okhaokha kaye. Ndili ndi sola ndiye magetsi akazima sitisokonezeka. Magawo anayi ndi pafupifupi maola anayi, tikhoza kuona awiri n'kutsiriza sabata inayo. Tikatero tione ngati n'koyenera kuitana ana a sekondale.

Thoko: Ine ndabwera kale. Ndibweretsa mbatata yootcha.

Gift: Ndiye pasapezeke wofotokoza mathero pagulu pano chonde. A Thoko mwanena kale zambiri.

A Chirwa: Ndisanavomere, muli zovula?

Thoko: Pali pamene apolisi akumufufuza mwanayo m'thupi ku siteshoni, koma kamera imakhala pa nkhope ya bambo ake nthawi yonseyo. Kutukwana kokha ndiye kulimo kwambiri, ndikuchenjezeretu.

A Chirwa: Chabwino. Kwaya imatha 1 koloko, ndifika cha m'ma 2. Mundisungire mpando wapafupi ndi TV, mawu a Chingerezi cha ku Britain amandidutsa, ndimadalira zolembedwa pansi zija.

Nabanda: Ine Loweruka ndi tsiku la msika, sindingathe. A Mussa ikani Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, kapena wina andiikire pa fulashi.